Zimene a Linus Sananene

Kutatsala miyezi itatu kuti phwando la chikumbutso cha a Linus Esau lichitike, mlamu wawo, a Titus, anakana kupeka nyimbo.

Sanakane ndi pakamwa, pakuti anthu a m'mudzi wa Hulatna sakana choncho. Lorena, mwana wa malemuwo, anapita kwa amalume akewo ku msasa wa nsomba atanyamula masamba a tiyi ndi fodya. Anakhala pachitsa n'kudikira mpaka iwo atamaliza kung'amba nsomba ya salimoni imene inali patebulo. Kenako anayamba mozungulira, monga mmene nkhani yotere imayambidwira: magolovesi achikopa asokedwa, mabulangete ogawa afika pa ndege, alendo a kumunsi kwa mtsinje auzidwa, chatsala ndi nyimbo. A Titus anapukuta mpeni pa udzu nanena kuti nsomba za chaka chino n'zowonda. Anadandaulanso za udzudzu. Lorena atabwereza za nyimboyo, mkuluyo anayang'ana kutsidya kwa mtsinje ndi diso lake limodzi lamoyo, pakuti linalo linafa kalekale.

"Ndiimbe chiyani, mwana wa mlongo wanga? Mlamu anadziimbira yekha. M'buku muja, patsamba 114, m'Chizungu chomwe."

A Hester, akazi awo, anatulutsa mutu m'chisakasa chowambira nsomba. "Usawamvere awa. Chikuwawawa n'chakuti m'bukumo iwo analembedwa kuti ndi mkulu wina wa bwato lodontha."

"Bwato langa silidontha."

"Nanga chitini mumayenda nacho chija n'chomwera tiyi?"

Lorena sanaseke. Anasiya fodya pachitsapo n'kubwerera ku bwato lake, mtima ukutentha ngati mbaula.

Buku limenelo analemba ndi Gordon Pell, Mzungu wamtali wa ndevu zofiira wochokera kumizinda ya kummwera. Anafika ku Hulatna zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo ndi chikwama chimodzi komanso kamakina kojambulira mawu. A Linus, amene anali ataferedwa akazi awo, anamulandira m'nyumba mwawo nyengo yonse ya chisanu. Anamuphunzitsa kutchera misampha, kumanga agalu ku chileyi choyenda pa chipale chofewa, ndi kudziwa pamene madzi oundana angathyoke munthu akaponda. Anamupatsa magolovesi awo a ubweya. Nthawi imeneyo Lorena n'kuti ali ku mzinda wa Fairbanks, kumene ankagwira ntchito yochapa zovala, ndipo mlendoyo ankangomumva m'makalata.

Patapita zaka ziwiri, ndege ya makalata inatsitsa katoni ya mabuku khumi. Anthu anasonkhana m'sitolo, wina n'kumawerenga mokweza. Anaseka pomva za Pell akugwa m'chipale chofewa mpaka m'chiuno. Anagwedeza mitu pomva za chigumula. Kenako wowerengayo anafika pa tsamba 114, pamene panali mawu otsekeredwa bwinobwino kuti ndi a Linus Esau: "Ine sindinabwerepo chimanjamanja. M'mudzi muno mulibe mwamuna amene wapha zimbalangondo zambiri kuposa ine. Zikamva fungo langa zimanjenjemera m'mapanga mwawo."

Wowerengayo anatseka bukulo.

Ku Hulatna mwamuna akapeza phanga la nyama imeneyo sanena. Akamapita kukaisaka amati akupita kukayenda kuseri kwa phiri. Mkazi satchula dzina lake, amangoti "chachikulu chija". Nyama imamva. Imadzipereka kwa munthu wodzichepetsa, koma wodzitama imamulanda mwayi, nthawi zina ndi mwayi wa anzake oyenda naye omwe.

A Linus atauzidwa zimene zinalembedwa sanayankhe. Kuti akane, anayenera kubwereza mawuwo ndi pakamwa pawo. Anayeneranso kutchula munthu amene anadya m'mbale mwawo kuti ndi wabodza. Zonse ziwirizi sakanachita. Choncho anakhala chete, ndipo mudzi unawerenga kukhala chete kwawoko ngati kuvomera. Amuna anasiya kuwaitana pokasaka. A Titus, amene anayenda nawo m'tchire zaka makumi atatu, anayamba kunyamuka okha m'mamawa. Nyengo zitatu zotsatizana a Linus anaphonya mphalapala pamtunda woti mwana akhoza kuigenda ndi mwala. Nyengo yachinayi sanapite n'komwe. Anapachika mfuti pamwamba pa chitseko, ndipo munthu amene ankadyetsa theka la mudzi anayamba kudya nyama yopatsidwa. Lorena anasiya ntchito n'kubwera kudzawasamalira. Anamwalira chaka chatha pamene madzi oundana a mumtsinje ankasweka.

Tsopano alendo anali kudzabwera kuchokera kumidzi isanu. Akadzaona kuti a Titus, wopeka nyimbo wodziwika mtsinje wonse, sanaimbire mlamu wawo weniweni, nkhani ya tsamba 114 idzakhala yadindidwa kachiwiri. Bambo ake a Lorena adzachoka opanda nyimbo, ndipo adzukulu adzakula akudziwa kuti agogo awo anali odzitama.

Lorena anaganiza sabata yathunthu. Chetechete sautsa nyama, anadziuza, ndipo bambo ake anali atayesa kale njira imeneyo mpaka kumanda. Anakumbukira kuti iwo ankatchula kamakina ka mlendo kaja kuti "kakudya mawu". Kanthu kakadya, zimene kadyazo zimakhala penapake.

Anatenga pepala n'kulemba kalata yotsekemera ngati uchi. Anati banja lonse likumbukira chikondi cha a Pell pa malemu. Anati likhala laulemu phwandolo iwo akadzabwera. Pamapeto anawonjezera, ngati kanthu kongokumbukira, kuti ngati makaseti aja adakalipo adzabwere nawo onse, adzukulu adzamve mawu a agogo awo. Ankalemba akukukuta mano, moti cholembera chinaboola pepala kawiri, ndipo anachita kukoperanso pa pepala lina.

Yankho linabwera pa ndege yachitatu. Pell anali wokondwa kwambiri. Anati akulemba buku lachiwiri, la ulendo wobwerera ku Hulatna, ndipo phwandolo lidzakhala mutu wake womaliza. Lorena anapinda kalatayo n'kuiika pansi pa chitini cha shuga. Mlandu suwola.

Koma panali kanthu kamene kankamuluma. Iye kunalibe nyengo imene ija. Bambo ake anali munthu wanthabwala tiyi akalowa m'thupi. Bwanji ngati tsiku lina, m'kanyumba ka kumisampha, ali awiriwiri, ananenadi mawuwo moseka? Akatero ndiye kuti iye mwini akuitana mudzi wonse ndi alendo omwe kudzamva manyazi a bambo ake ndi mawu awo enieni.

Pell anatsika ndege masamba a misondodzi atasanduka achikasu, kutatsala masiku anayi kuti phwando liyambe. Ndevu zija zinali zitayamba imvi. Anali atavala magolovesi a a Linus ngakhale kunja sikunkazizira. Anakumbatira Lorena namutcha mlongo wake, ndipo analira misozi yeniyeni. Zimenezi zinamukwiyitsa Lorena kuposa china chilichonse. Akanakonda Pell akanakhala munthu wouma mtima.

Lorena anamuphikira msuzi wa mutu wa mphalapala wothira mpunga, n'kukhala moyang'anizana naye, kumuona akudya. Atamaliza, Pell anatulutsa katoni ya nsapato yodzaza makaseti, iliyonse yolembedwa tsiku ndi malo. Anayamba kusankha zimene ankati n'zabwino: ya chigumula, ya agalu, ya mmene a Linus anakumanirana ndi akazi awo. Lorena anamufunsa kuti mawu a patsamba 114 ali mu iti. Pell anakanda ndevu nafotokoza kuti polemba buku munthu amatola apa ndi apo, koma akukhulupirira kuti nkhani ya nyama ija anakambirana m'kanyumba ka kumisampha mu November. Anapeza kaseti ya tsikulo n'kuinyamula m'mwamba monyadira kuti iye sataya kanthu. Anavomereza kuti papita zaka asanaimvere.

Lorena anailandira. Inali yopepuka ngati fupa la mbalame. Kamakina kanali pomwepo patebulo, ndipo akanatha kumvera yekha mlendoyo akapita kukaona manda. Chala chake chinafika mpaka pa batani. Koma anadziwa kuti akangomvera yekha, a Titus adzati wasankha, wadula, wakonza. Anakulunga kasetiyo m'kansalu, nawoloka msewu, n'kukaipereka kwa a Hester kuti asunge mpaka mawa. A Hester anaiika m'thumba la diresi osafunsa kanthu.

Tsiku lotsatira masana holo inali yodzaza. Amuna ankadula nyama pa makatoni oyala pansi. Amayi anali pa mabenchi kumaliza mikanda ya pa nsapato zachikopa zogawa. Alendo a kumunsi anali atafika ndi mabwato atatu, ndipo ankanyozana ndi a ku Hulatna za amene ali ndi nsomba zonona. A Titus anakhala pafupi ndi mbaula, kunola mpeni umene unali wakuthwa kale.

Lorena anaimirira. Ananena kuti pakati pawo pali mlendo amene analemba buku la bambo ake, ndipo ambiri sanamumvepo akuwerenga ndi pakamwa pake. Pell anaimirira akumwetulira, natsegula pamene panali nkhani ya chigumula. Lorena anamulanda bukulo mofatsa, natsegula tsamba lina, n'kumubwezera ataloza ndi chala.

"Apa, achimwene. Mokweza. Akuluakulu ena makutu anagontha."

Pell anawerenga. Anawerenga bwino, ndi mawu a munthu wozolowera kuwerengera anthu m'mizinda. Atatchula dzina la nyama ija, singano zinaima. Amayi anaweramitsa mitu. Mkulu wina wa kumunsi anaika mpeni pansi n'kuyang'ana kudenga. Pell anamaliza, nadikira kuti wina anenepo kanthu. 

"Tsopano timve eni ake," anatero Lorena. "Azakhali, kaseti ija. Amalume ndi mboni kuti yagona kwawo."

A Hester anaipereka. Lorena anailowetsa m'kamakina chozondoka n'kuitulutsanso. Kenako anadina batani.

Poyamba kunamveka nkhuni zikuthetheka m'mbaula. Unyolo wa galu unalira panja. Supuni inazungulira m'kapu, ndipo wina anatsokomola. Lorena anagwira m'mphepete mwa tebulo. Chifuwa chimenecho anachimva m'mawa uliwonse wa ubwana wake.

Kenako kunabwera mawu a Pell, achinyamata, achangu. "Bambo Linus, anthu akuti inu simunabwerepo chimanjamanja. N'zoona?"

Supuni inazunguliranso. Nkhuni inathetheka. Panalibe yankho.

"Mwapha zingati? Kuposa aliyense m'mudzi muno, eti?"

Kaseti inkazungulira. Mphepo inkamveka ikukankha chitseko cha kanyumbako. Munthu wina ankapuma pang'onopang'ono pafupi ndi kamakinako, kumwa tiyi, kuika kapu pansi. Mphindi inatha, ina n'kuyamba. M'holomo Pell anaseka pang'ono mwamanyazi nanena kuti apa palibe kanthu, a Linus ankachita zimenezi kawirikawiri, ndi bwino kudumphitsa. Anatambasula dzanja. Lorena anaphimba kamakinako ndi chikhatho chake.

"Isiyeni. Bambo anga akulankhula."

Anthu onse anamvetsera. Aliyense wobadwira pamtsinjewo ankadziwa chimene ankamva: munthu wafunsidwa funso losafunsika ndi mlendo wake, ndipo akudikira mwaulemu kuti funsolo lidzifere lokha. Pomaliza mawu a a Linus anamveka, otsika, okoma mtima.

"Mwina mawa kugwa chipale. Ponyamo nkhuni ina, mwana wanga."

Chitseko cha mbaula chinalira. Mawu a Pell anayesanso, akufunsa ngati nyamazo zimawaopa. Mpando unakhuluzika, mapazi anayenda, chitseko chinatsekuka n'kutsekeka. A Linus anali atatuluka kukaona agalu.

Lorena anali pafupi kuzimitsa, mtima wake utakhuta kale. Koma kaseti inali isanathe. Pell wachinyamata uja, atatsala yekha, anayandikira kamakinako n'kuyamba kunong'ona ngati munthu woyesa nsapato.

"Sakuyankha, koma nkhope ikunena zonse. Akanakhala wolankhula akanati chiyani? Ine sindinabwerepo wopanda nyama. Ayi. Sindinabwerepo chimanjamanja. Eya. Zikamva fungo langa zimathawa. Zimanjenjemera. Zimanjenjemera m'mapanga mwawo. Zabwino zimenezo."

Lorena anadina batani. Anatembenukira kwa mlendoyo n'kumuyang'ana, osafulumira, monga mmene munthu amayang'anira msampha umene wagwira.

Nkhope ya Pell inali itafiira kuposa mmene ndevu zake zinalili kale. Analankhula zambiri. Anati anali ataiwala gawo limenelo. Anati anthu a kumizinda sangawerenge tsamba lopanda mawu, ndipo iye ankafuna dziko lidziwe kuti a Linus anali munthu wamkulu. Anati zimene analemba zinali zoona ngakhale sizinanenedwe, pakuti kodi iwo sanali mlenje woposa onse? Anati ankawakonda ngati bambo ake omubereka. Ankayang'ana nkhope iyi ndi iyo, kufuna wina woti atsutsane naye. Mkulu wa kumunsi uja anatola mpeni wake n'kupitiriza kudula nyama. Singano zinayambanso kuyenda.

Amene analankhula ndi a Titus, ndipo sanalankhule ndi Pell.

"Lorena, bweza pamene akumwa tiyi paja."

Anabweza. Mkuluyo anamvetsera ataweramira kamakinako, chala chikugunda pabondo pang'onopang'ono. Diso lake lamoyo lija linkatuluka madzi. A Hester anatsegula pakamwa monga mwa chizolowezi chawo, koma anatsekanso n'kumupatsa kansalu.

"Zaka makumi atatu ndamva munthu ameneyu akukhala chete choncho m'bwato," anatero a Titus. "Ndinamusiya yekha zaka zitatu chifukwa cha pepala."

"Zinayi, amalume," anatero Lorena.

Sanawatonthoze. Anatulutsa kasetiyo n'kuiika m'katoni ya nsapato ija, nanyamula katoni yonse m'khwapa kupita nayo kwawo. Pell anaiona ikutuluka pakhomo.

Ndege inali kudzabwera Lolemba, choncho mlendoyo anakhala phwando lonse. Palibe anamuchitira mwano. Mbale yake inkadzazidwa ngati ya wina aliyense, tiyi wake sankazizira. Koma akafunsa tanthauzo la chinthu, ankauzidwa za mphepo. Akafunsa dzina la mkulu woimba, ankauzidwa kuti madzi a mumtsinje atsika. Lorena ankaona kabuku ka Pell kolembamo kali pabondo, tsamba lomwelomwelo loyera kuyambira Lachisanu mpaka Lamlungu, ndipo chakudya chinkamukomera.

Madzulo a tsiku lachiwiri la phwandolo, dzuwa likadali pamwamba pa mitengo, a Titus anaimirira pakati pa holo atagwira timitengo tiwiri togunda. Anali asanauze aliyense kuti nyimbo ilipo. Inali yaifupi. Inkati: mlamu, unapita kukayenda kuseri kwa phiri osatiuza, monga unkachitira masiku onse, ndinamva za iwe kwa mlendo, ine amene ndinkagona nawe pamoto umodzi, ndani andiponyere nkhuni ina? Pofika kachitatu holo yonse inali itaigwira, alendo a kumunsi ndi a kumtunda omwe. Anali kudzapita nayo kwawo m'mabwato. Lorena anaimba nawo ataima ndi amayi anzake, mikono ikukwera ndi kutsika, ndipo analira maliro a bambo ake kwa nthawi yoyamba popanda mkwiyo.

Mkwiyowo unali usanathe. Unangodikira tsiku lake.

Tsiku lomaliza ndi logawa mphatso. Okumba manda analandira magolovesi ndi nsapato za mikanda. Amene anasambitsa ndi kuveka thupi analandira mabulangete. A Titus analandira mpeni wa a Linus, nautenga ndi manja awiri. Mulu utatha, Lorena anapita kuseri kwa benchi n'kutulutsa chinthu chachitali chokulunga m'nsalu. Anthu anachizindikira nsalu isanachoke. Inali mfuti ija, imene inaphonya nyengo zitatu n'kupachikidwa. Ku Hulatna panalibe mwamuna amene akanalola kuti igone m'nyumba mwake ngakhale tsiku limodzi.

Anaitana dzina la Gordon Pell.

Pell anabwera kutsogolo akugwedeza mutu. Ananena motsitsa kuti iye sakuyenera ulemu wotere, makamaka pambuyo pa zimene zachitika, ndipo apatse wina wa m'banja.

"Mphatso ya paphwando sikanidwa," anatero Lorena mokweza, kuti ndi a kumbuyo omwe amve. "Makaseti atsala kuno. Zimene bambo ananena ndi zathu, ndi zimene sananene zomwe. Iyi ndiye yanu. Inali mfuti yabwino. Mmene ililimu munaipanga ndinu."

Anaiika m'manja mwake. Amuna amene anali pafupi anasendera pang'ono, kumusiyira malo aakulu pa benchi.

Lolemba m'mawa anthu angapo anapita ku bwalo la ndege kukatenga makalata. Lorena anaima patali pang'ono. Anaona woyendetsa ndege akulowetsa mfutiyo kuseri kwa mipando. Anaona Pell akuyandikira a Hester, chipewa chili m'manja, ndipo mphepo inamubweretsera mawu ake. Ankafunsa ngati mphatso ija ikutanthauza kuti amukhululukira, kapena ikutanthauza china. Ankapempha kuti amuuze zoona, sadzalemba.

A Hester anamanga mpango wawo bwinobwino. Anayang'ana kumpoto, kumene mitambo inali itayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri.

"Mwina mawa kugwa chipale," anatero.

Ndege itanyamuka, Lorena anabwerera kunyumba. Anakwera pampando n'kuzula misomali iwiri ya pamwamba pa chitseko imene mfuti inkakhalapo. Kenako anatereka madzi a tiyi, natenga kaseti yolembedwa kuti agalu, n'kukhala pansi kumvera bambo ake akuseka.